Amene Amalemba ndi L

Lolemba, 3 Novembala

Kope latsopano. Dokotala akuti ndizilemba zondipsetsa mtima m'malo mozimeza, mwina magazi angasiye kuthamanga. Tiona.

Nkhani yatuluka poyera lero. A Bwana Mkulu akupuma kumapeto kwa mwezi uno. Bodi ikhala pa 25 kusankha wolowa m'malo. Mayina awiri okha. Ine, woyang'anira fakitale yonse, zaka 24 ndikupuma fungo la penti. Ndi mkulu wa zamalonda, amene m'kope muno ndizimutchula Mano Panja, poti chibwerereni pakampani pano milomo yake sinakumanepo.

Zikanathera pomwepo, bwenzi mtima uli m'malo. Koma atibweretsera mlangizi. Mayi wochepa thupi, nsapato zafulati, kabuku m'manja ngati wobadwa nako. Akuti atiphunzitsa utsogoleri, ife awiri, milungu itatu. Ine amene ndimayendetsa anthu 180 ndi makina asanu ndi awiri! Kuphunzitsa nkhuku kufungatira mazira.

Wamupeza ndani? Ndafunsa kalaliki wa a Bwana Mkulu. Akuti wapampando wa bodi. Wapampando ndi Mano Panja amapemphera tchalitchi chimodzi. Ndangolemba.

Mpando umenewu ndi wanga. Ndanena, ngakhale m'kope mokha.

Lachiwiri, 4 Novembala

Mafomu. Anthu khumi ndi awiri alemba za ine, ena khumi ndi awiri za Mano Panja. Osasayina dzina. Kuponya m'katoni yomata tepi imene mlangizi akuyenda nayo kukhwapa. Mafunso awiri okha pa fomupo: chimene munthuyu amachita bwino, ndi chimene asinthe. Zotsatira Lachisanu. Pa 24 mlangizi adzafunsanso anthu omwewo ngati tasintha, kenako lipoti ku bodi.

Ndiye kuti mpando wa kampani uli m'manja mwa anthu obisa mayina. Chilungamo chake ndi chimenecho.

Mano Panja wafika ndi makeke pa tiyi wa 10 koloko. Mathireyi awiri, mpaka kufakitale kwanga. Zaka zisanu ndi zitatu sanaperekepo ngakhale switi. Lero anthu akulemba mafomu, makeke. Chikomekome cha mkuyu.

Masana anabwera a Kapitawo a kosakanizira penti, chipewa m'manja monga mwa nthawi zonse. Munthu amene anandiphunzitsa kusiyanitsa penti wa mafuta ndi wa madzi pongonunkhiza, ndili kamtsikana kongochoka kusukulu. Amalankhula pang'onopang'ono ngati akuoloka mtsinje pa miyala. Anayamba za sikelo ya makina atsopano, akuti kukatentha masana imachita zinazake. Foni inali ikulira. Ndinawauza kuti ndamva, tidzaona. Anaima pang'ono, n'kuvala chipewa.

Mapiritsi ndamwa mochedwa. Nsapato yakumanzere ikundiluma.

Lachinayi, 6 Novembala

Ola lathunthu ndi mlangizi m'chipinda cha misonkhano. Ine uku, iye uko, pakati botolo la madzi. Ndinanyamula mapepala osonyeza zidebe zimene tatulutsa zaka zisanu zapitazi. Sanawayang'ane n'komwe. Funso lake: ndi liti pamene wantchito anandiuza chinthu chimene chinandisinthitsa maganizo? Ndinati kambirimbiri. Akuti nditchule kamodzi. Ndinamwa madzi. Iye kulemba m'kabuku.

Amalemba chiyani? Ndikalankhula salemba. Ndikakhala chete ndi pamene cholembera chimathamanga.

Wandipatsa ntchito ngati mwana wa sukulu. Munthu akamaliza kulankhula ndiziwerenga chamumtima mpaka faifi ndisanayankhe. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi." Mwambi ndinaudziwa iye asanabadwe.

Ndaiona nzeru yake. Pa msonkhano ine ndizikhala duu ndikuwerenga manambala, Mano Panja azilankhula, a Bwana Mkulu aziona ngati mtsogoleri ndi iyeyo. Kodi iye amupatsa ntchito yanji? Kutseka milomo? Ndikukayika.

Komabe ndiwerenga. Asapeze polembera.

Lachisanu, 7 Novembala

Envulopu ya khaki. Tsamba limodzi lotayipa, mbali ziwiri. Ndinatsekera chitseko.

Zabwino zilipo, zambiri ndithu. Wolimbikira, sachedwa, amadziwa makina, saopa munthu. Imodzi yandikhudza, ndiikopera momwe ilili:

"Mayiwa ndi penti wosasuluka. Umawadziwa mvula ikagwa. Akalonjeza amakwanilitsa."

Ameneyo ndi a Bwana Mkulu, sindikukayika. Nkhalamba imandidziwa.

Kuseri kwa tsamba. Zing'onozing'ono: saseka, amayenda mothamanga, misonkhano yake ilibe tiyi. Zamkutu. Koma iyi:

"Samvetsela. Ukangoyamba kulankhula amati Ndamva, nkhani yathela pomwepo. Tinasiya kuwauza zinthu."

Ndawerenga kasanu ndi kawiri. "Tinasiya." Inu ndi ndani? Ine amene chitseko changa chimakhala chotsegula kuyambira 7 koloko! Mawu amenewa akafika ku bodi momwe alili, mpando wapita. Bodi ingakhululuke wosaseka. Bwana amene anthu ake anasiya kumuuza zinthu, ayi.

Mlangizi akuti ndisafufuze amene analemba, ndifufuze ngati zili zoona. N'zosavuta kunena pamene mpeni suli pamsana pako.

Koma mwini wake wasiya phazi. Samvetsela. Yathela. Ndi L, osati R. Munthu angabise dzina, koma dzanja silibisika.

Loweruka, 8 Novembala

Ndinawaonetsa bambo a kunyumba tsambalo pa tebulo la kadzutsa. Zaka makumi atatu akuchonga makope a ana, ndimati andithandiza kugwira mbala. Anavala magalasi, kuwerenga mbali zonse ziwiri, pang'onopang'ono mpaka tiyi wanga kuzizira. Akuti theka la anthu amalemba L pamene pafunika R, ngakhale aziphunzitsi anzawo. Akutinso wakutsina khutu ndi mnansi. Anayamba chachitatu, chokhudza mbali yabwino ija. Ndinati ndamva, ndamva, n'kutenga pepala langa.

Anaseka mpaka kutsokomola. Sindinaone choseketsa. Chabwino, ndinachiona, koma si nthawi yake.

Ndachapa makatani onse a pabalaza. Sanali akuda.

Lolemba, 10 Novembala

Ndinafika 6 koloko, alonda okha. Mayina a anthu khumi ndi awiri aja ndili nawo, ndinavomereza ndekha mndandandawo. Mafayilo onse pa desiki: malipoti, makalata opempha tchuthi, timapepala ta pa bolodi. Cholembera chofiira m'manja ngati mphunzitsi.

Mano Panja: R paliponse. Zandikwiyitsa. Mwina anasintha dala, koma alibe nzeru zofika pamenepo.

Kalaliki wa a Bwana Mkulu: R. Mkulu wa zogula: R. Wa za antchito: R, ndi zilembo zopendekera ngati zagwa ndi mphepo.

A L ndi atatu. Mkulu wa alonda, amene chiganizo chake chachitali ndi "Zonse zili bwino." Sangakwanitse mizere itatu. Mayi wa kulabu, koma anali patchuthi tsiku la mafomu, analemba ndi wachiwiri wake. Watsala mmodzi.

Buku la kosakanizira penti, tsamba la pa 16 Okutobala, dzanja la a Kapitawo: "Wobiliwila wathela pa 2 koloko." Wathela. Yathela. Ndinatseka bukulo, kulitsegulanso. Mawu anali pomwepo.

A Kapitawo. Amene ndinawamenyera nkhondo pamene ankafuna kuwapumitsa chaka chija. Amene maliro a akazi awo ndinatseka layini yonse ya makina theka la tsiku kuti anzawo akaperekeze. Zandipweteka kuposa mmene ndimayembekezera, mpaka ndinapita kukasamba kumaso.

Ndakumbukiranso. Lachiwiri lija ndinawaona ndi keke ya Mano Panja m'manja, awiriwo ataima pa geti, akulankhula chapansipansi. Munthu amagulidwa ndi keke? Kapena alonjezedwa china? Akundiyenda pansi, ine ndikuwaitana bambo.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndachita. Kalata yachidule: pokonzanso kayendetsedwe ka ntchito, a Kapitawo akayang'anire nyumba yakale yosungira zidebe zopanda kanthu, kuseri kwa mpanda. Makina atsopano atenge wachiwiri wawo, ali ndi mapepala a sukulu. Malipiro osasintha, palibe angandinene. Wa za antchito anandiyang'ana nthawi yaitali asanadinde. Nayenso ndimuonetsetsa.

Sikubwezera. Pa 24 mlangizi akamadzafunsanso, sindikufuna munthu ameneyu akhale pakati pa anthu anga akuwathira mawu m'makutu. Kudzitchinjiriza basi.

Anabwera okha kudzasiya makiyi. Anawerenga kalata ataimirira, milomo ikuyenda. Kenako za sikelo zija, kuti asanachoke andifotokozere bwinobwino. Ndinachita monga anandiphunzitsira mlangizi. Wani, thu, fili, folo, faifi. Ndiye ndinati asiye makiyi pa tebulo, zotsalazo auze wachiwiri wawo.

Pa chitseko anatembenuka. "Chabwino mayi. Penti timamudziwa mvula ikagwa."

Kundiopseza. Ndalemba tsiku ndi nthawi, 11:20, mwina zidzafunika.

Nkhomaliro sinalowe.

Lachisanu, 14 Novembala

Sabata yabwino, ndisaname. Pa msonkhano wa akuluakulu ndinawerenga mpaka faifi kanayi konse. Mlangizi anagwedeza mutu, kulemba. Mano Panja analankhula mpaka thovu, za zikwangwani, za kalendala ya chaka chamawa. Ine mawu ochepa: oda ya penti wobiriwira wa madenga, zidebe 400 za kontirakitala wina womanga nyumba zatsopano, yatuluka masiku awiri nthawi isanakwane. Makina atsopano, kapitawo watsopano. A Bwana Mkulu anati zikomo. Mano a mnzanga analowa pang'ono.

Kufakitale kuli zii. Ndikamadutsa aliyense maso pa ntchito. Mwambo wabwerera. Kapena akupangana china? Chete wotere sindimukhulupirira.

Chinthu chimodzi. Ndili m'chimbudzi cha azimayi, awiri a kopakira katundu analowa osadziwa kuti ndilimo. Wina anafunsa mnzake ngati wanena za magolovesi ong'ambika. Yankho: "Ndikauze ndani, Mayi Ndamva? Ufuna ndikapezeke ku zidebe?" Kuseka. Ndinakhala momwemo mpaka atatuluka, miyendo dzanzi.

Mayi Ndamva. Ndiye dzina lilipo. Kuyambira liti? Ndani analiyambitsa? Ndikudziwa kumene lachokera, kuseri kwa mpanda.

Magolovesi ndaitanitsa, mapeya makumi asanu. Asadziwe kuti ndinamva.

Lachinayi, 20 Novembala

Sindinalembe masiku asanu. Ndinalibe mphamvu.

Mvula inagwa Lachiwiri masana. Lachitatu m'mawa kontirakitala pa foni, mawu ake kumveka mpaka pakhonde. Madenga khumi ndi anayi anali atapaka. Penti sanaume. Watsika ndi madzi, makoma oyera a nyumba zatsopano ali mizeremizere yobiriwira mpaka pansi. Anatumiza zithunzi. Ndinaziona kamodzi, sindikufunanso.

Zidebe zotsala zabwezedwa, zaunjikidwa pabwalo pomwe aliyense wolowa pa geti akuziona. Zaka 24 sindinabwezeredwepo ngakhale chidebe chimodzi. Lero phiri, masiku asanu bodi isanakhale.

Kulabu akuti mankhwala oumitsa anachepa m'zosakaniza zonse za masana. Za m'mawa zili bwino. Kapitawo watsopano akulumbira kuti anathira momwe sikelo inasonyezera, wandionetsa manambala, ali ndendende. Akundiyang'ana ngati ndimudya.

"Mvula ikagwa." Anandiuziratu pa chitseko paja! Munthu angadziwe bwanji za mvula ngati sanakonze yekha? Makiyi anasiya, koma ndani akudziwa ngati analibe ena. Ndipo Mano Panja ananyamuka yekha kupita kwa kontirakitala, osandiuza. Kukatani? Kukathira mafuta pa moto. Zikugwirizana zonse.

Ndayamba kulemba zokanena ku bodi. Makina olakwika kuchokera kwa ogulitsa. Kapitawo wosazolowera. Mwinanso dzanja la munthu wokhumudwa, ndikufufuza. Ndime zitatu, zomveka bwino.

A Bwana Mkulu sanakalipe. Anangofunsa kuti a Kapitawo akale ali kuti masiku ano. Ndinati ndinawasuntha pokonza ntchito. Anati, "Oo." Oo yekhayo wandilemera kuposa kukalipa.

Lachisanu, 21 Novembala

Ndilembe mwadongosolo, mutu usandithawe.

Phunziro lomaliza, tonse awiri pamodzi. Ine ndi Mano Panja mbali imodzi ya tebulo, mlangizi pa bolodi loyera. Ndinalowa nditakonzeka kumuuza kuti mafomu ake obisa mayina abala njoka pakampani pano. Iye anati tiyambe ndi mawu amodzi, natenga cholembera chakuda, kulemba zilembo zikuluzikulu.

KUMVETSELA.

Ndinawerenganso. L wamtali ngati mzati, pakati pa bolodi.

Sindikudziwa zimene ananena mphindi khumi zotsatira. Nditapeza mawu ndinafunsa, ngati zongocheza, kuti ndani amatayipa ndemanga za pa mafomu. Anati ndi iye mwini, palibe wina amazigwira. Amazilembanso zonse ndi dzanja lake pa kompyuta, mafomu n'kuwotcha, dala, kuti wina asazindikire kalembedwe ka mnzake. Anamwetulira. "Akuluakulu ena amasanduka apolisi, mayi."

Ndinapempha kutuluka. Mu ofesi, envulopu ya khaki, mbali yabwino. "Akalonjeza amakwanilitsa." L. Ndinaikopera ndekha m'kope lino pa 7, ndi dzanja langa, osaiona. Pamwamba pake, "wolimbikila." L. Tsamba lonse ndi L, kuyambira mutu mpaka pansi. Ine ndinaona awiri okha, a mbali imene inandibaya. Ndi chimene bambo a kunyumba ankafuna kundionetsa tsiku lija.

Ndiye umboni wanga wonse, mafayilo, cholembera chofiira, 6 koloko m'mawa, ndimasaka dzanja la mlangizi.

Sizinathere pomwepo. "Umawadziwa mvula ikagwa." A Bwana Mkulu sanagwirepo burashi moyo wawo wonse. Mawu amenewo ndi a munthu mmodzi yekha pakampani pano, ankandiuza ndili kamtsikana tikuyesa penti pa malata kuseri kwa labu. Anandiuzanso pa chitseko, makiyi ali pa tebulo. Ine n'kulemba 11:20.

Munthu amene analemba mawu okoma kuposa onse ndi amene ndamuponya ku zidebe zopanda kanthu.

Ndinafukula thireyi ya makalata osawerenga. Pansi, timapepala titatu ta a Kapitawo. 28 Okutobala, 5 Novembala, 12 Novembala. Tonse mutu umodzi: sikelo ya makina atsopano ikatenthedwa masana imasonyeza kulemera kuposa zimene zilipo, mankhwala oumitsa aziyezedwa pa sikelo yakale ya pamanja mpaka amisiri abwere. Iwo ankachita zimenezo mwakachetechete tsiku lililonse. Kapepala komaliza akuti anauza wachiwiri wawo, koma iye anayankha kuti sangasiye sikelo ya makina popanda chilolezo cholembedwa ndi ine.

Pansi pa tonse, kalata ya pa 13. Akupempha kupuma pa ntchito kumapeto kwa mwezi. Mizere inayi. Akuthokoza kampani.

Manyazi. Palibe mawu ena.

Lamlungu, 23 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Mutu.

Ndinawauza bambo a kunyumba zonse, kuyambira cholembera chofiira. Sanaseke ulendo uno. Sananenenso kuti ndinakuuzani, ngakhale ndinaona mawuwo akuyendayenda pakhosi. Anangofunsa kuti pepala la ku bodi lija, la ndime zitatu, ndilitani. Ndinati ndime yachitatu ndafufuta kale. Anati, nanga ziwirizo?

Ziwirizo si bodza. Makina ndi olakwikadi. Kapitawo watsopano ndi wosazoloweradi. Palibe chiganizo chonama m'menemo. Timapepala titatu tija palibe wationa kupatula ine. A Kapitawo si munthu wokanena kubwalo, akangopita kwawo basi. Ndikhoza kulowa ndi ndime ziwiri n'kutuluka ndi mpando.

Ndawerenga mpaka faifi kangapo lero, ndili ndekha. Palibe amene ankalankhula.

Lolemba, 24 Novembala

Mlangizi wayamba kufunsanso anthu ake m'chipinda cha misonkhano, mmodzimmodzi. Ine ndinazungulira kuseri kwa mpanda. Udzu wonyowa, nsapato zathera matope. Zaka zitatu ndisanapondeko.

Ndinawapeza atasanja zidebe zonse mwa misinkhu, pansi posesa, denga lodontha atatchera chidebe pamalo pake. Masiku khumi ndi awiri, nyumba yaoneka ngati ya anthu. Anavula chipewa. Mpando panalibe, ananditembenuzira chidebe cha malita makumi awiri.

Ndinanena zonse. Za L, za mafayilo, za keke. Kuti ndinawaganizira kuti ndi amene analemba zoipa zija, pamene iwo analemba zabwino. Kuti ndalakwa, andikhululukire. Mawu amenewa sindinawanenepo pakampani pano, anatuluka ngati ndikukoka msomali.

Anatembenuza chipewa m'manja. Kenako: "Mayi, fomu ija inali ndi mafunso awiri. Ine ndinayankha onse."

Ndiye ndinalondola! Ndi iwo! Mawu anali kale pa lilime, okonzeka. Wani. Thu. Fili. Pofika faifi anali atayambanso kulankhula, ndiye ndinangopitiriza kukhala chete.

Akuti zonse ziwiri ndi zoona, ndipo analemba yachiwiriyo chifukwa cha yoyambayo. Akuti munthu amene ukufuna akhale bwana wako sumubisira chilonda. Ankaganiza kuti pakamwa ndalephera kumva, mwina papepala ndimva. Za keke, akuti Mano Panja ankawafunsa penti woyenera pa khoma la bafa la kwa apongozi ake. Basi.

Kenako sikelo. Kuyambira pachiyambi, tsiku limene anaizindikira, momwe anaiyesera ndi thumba la makilo asanu m'mawa ndi masana. Magolovesi. Fani ya kosakanizira imene inafa mwezi wa Juni. Mayi wa kopakira amene amakomoka ndi fungo koma akuopa kunena. Wachiwiri wawo, akuti ndi munthu wabwino, ndisamuphe chifukwa cha mlandu wanga. Anatero ndithu, mlandu wanga. Mphindi makumi anayi ndi zisanu pa chidebe. Theka la zimenezi sindimazidziwa, fakitale yanga yomwe, ine woyenda mothamanga.

Ndinapempha kuti abweze kalata yopuma ija, makiyi ndawabweretsa, ali m'chikwama. Sanawalandire. Anafunsa kuti mawa ku bodi ndikanena kuti zidebe 400 zinatani. Ndinati ndikuganizabe. Anati, "Ndiye nanenso ndikuganizabe, mayi."

Pobwerera ndinakumana ndi mlangizi pakhonde. Anayang'ana nsapato zanga. Kabuku sanatsegule.

Lachiwiri, 25 Novembala

9:40. Pa benchi kunja kwa chipinda cha bodi. Ndikulembera pa bondo. Mapiritsi ndamwa. Nsapato zina, izinso zikuluma.

Mano Panja analowa 9 koloko, watuluka posachedwapa, thukuta pamphumi. Anakhala pafupi nane, sindinamuitane. Ndinati ndimve, poti ndi ntchito yanga yatsopano. Akuti kwa kontirakitala anapita kukapempha kuti asatisiye, wavomera tikapakenso madenga ndi makoma sabata yamawa. Akuti m'katimo anamufunsa za zidebe, iye wati vuto ndi sikelo ya makina, zingagwere aliyense. Dzina langa sanalitchule. Pa fomu yake, akuti, anthu analemba kuti amaseka ngakhale pomwe pafunika kukana, ndipo ntchito yake kwa mlangizi inali kunena ayi kamodzi pa tsiku. Wakhala osagona bwino milungu itatu. Ananena zimenezi milomo ili pamodzi, koyamba chimuonereni.

Ndiye njira yatseguka. Ndime ziwiri zija zikugwirizana ndi zimene wanena. Palibe angafunse zambiri. Mpando uli apo, kuseri kwa chitseko ichi, zaka 24.

M'chikwama muli pepala la ndime ziwiri, lotayipa bwino. Mulinso timapepala titatu ta sikelo, kalata yanga ya pa 12, ndi makiyi a kosakanizira. Makiyi akulemera kuposa zonse.

Ndikuopa. Ndilembe poyera, ndikuopa kwambiri. Ndikanena, mwina ndituluka wopanda mpando uwu, mwinanso wopanda umene ndili nawo.

Pepala la ndime ziwiri ndalitembenuza. Kuseri kwake ndalemba mawu amodzi oti ndiyambire, kuti lilime lisandithawitse ndikaona nkhope zawo. Samvetsela. Ndalemba ndi L, momwe anandipatsira.

Kalaliki wasuzumira, akuti mphindi ziwiri. Pa windo ndikuona kuseri kwa mpanda. Chitseko cha nyumba ya zidebe n'chotsegula, munthu wa chipewa waima pakhomo, akuyang'ana kuno.

Aitana. Kalaliki akunena zina, za mpando woti ndikakhale ndi madzi akumwa. Ndatsala pang'ono kumuuza kuti nda

Ayi. Amalize kaye.